Kampweya Komwe Anadula

Amakatani anavomera zojambulidwa vidiyo chifukwa chosowa mtengo wogwira, osati chifukwa choikonda. Mwana wawo wotsiriza, amene pabanja ponse ankangomutchula kuti Chitsiriza, anachoka pakhomo mvula isanayambe, ndipo mvulayo inagwa mpaka kuleka iye osaoneka. Sanabedwe ndipo sanasochere. Analephera mayeso omaliza a kukoleji n'kubisa nkhaniyo, ndipo itaphulika, amalume ake anamukhazika pakati pa balaza n'kumuzenga mlandu pamaso pa abale onse, mpaka tiana toti sitinayambe n'kudzimina tokha. M'mawa mwake bedi linali loyala bwinobwino, chikwama palibe. Uthenga unabwera umodzi wokha pafoni: "Ndili bwino. Musandifunefune." Kuchokera pamenepo nambala yake inangoti zii.

Dzina loti Amakatani linachokera ku ntchito yawo. Ankasoka makatani m'kashopu kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, ndipo ankasoka bwino moti anthu ankachokera kutali atanyamula miyeso ya mawindo awo. Chomwe ankafuna tsopano chinali chimodzi basi, kumva mawu a mwana wawo. Sankafuna kuti apepese kapena kuti abwerere kusukulu. Ankangofuna kuti foni ilire, iye anene kuti, "Amayi."

Nzeru ya vidiyo inabwera ndi mwana wawo woyamba, amene ankagwira ntchito kuchipatala ndipo aliyense ankamuitana kuti Nesi.

"Amayi, kulikonse komwe ali, foni ili m'manja. Mumamudziwa. Asuweni amajambula mavidiyo tsiku ndi tsiku, bwanji osawapempha?"

Asuweni akewo anali mwana wa amalume omwe aja, bambo wa ndevu zake ndi ana ake awiri, amene ankapangira mavidiyo otsatsa malonda anthu ogulitsa mipando ndi a masaluni. Dzina loti Dayirekita anadzipatsa yekha, n'kulilembetsa kumsana kwa jekete ya matumba ambirimbiri imene sankaivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amakatani sankamukhulupirira kwenikweni. Anamusinthapo matewera ali khanda, ndipo ankadziwa kuti kuyambira kalekale anali mwana wokonda kuomberedwa m'manja. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamuitana.

Dayirekita anafika kushopu m'mawa ndi katundu wonga wa munthu wosamuka: nyali yozungulira ngati tayala la njinga, miyendo itatu yachitsulo yoimikapo kamera, zingwe, ndi kamaikolofoni kotsina pakolala. Anakhala pa tebulo lodulirapo nsalu, malo amene ngakhale makasitomala olemera ankaopa kuikapo chikwama.

"Azakhali, tisanajambule timayamba takonza. Funso loyamba, vidiyo imeneyi tikupangira ndani?"

"Mwana wanga."

"Apo ndiye mwaphonya kale. Tikupangira anthu. Anthuwo ndi amene akaifikitse kwa iye. Ndiye muyenera kudziwa kuti chala cha munthu sichidikira. Akangoona kuti palibe chomugwira m'masekondi oyambirira, wadutsa, wapita kukaonera galu wovina. Choncho za moni tiiwale."

"Ndiyambe kuyankhula ndi anthu osawapatsa moni? Ndine wapolisi ine?"

"Moni amadya nthawi, azakhali."

Amakatani anamuyang'ana akuzungulira m'shopu ngati woyendera ukhondo, akutsinzina diso limodzi, zala atazipinda pankhope ngati kawindo. Dayirekita anatsitsa nsalu zonse zonyezimira pashelefu n'kuziunjika kuseri kwa chitseko, chifukwa akuti shopu inkaoneka ngati zinthu zikuyenda, ndipo anthu samvera chisoni munthu amene zikumuyendera. Anakokera makina osokera pakona pamene khoma linasupuka penti. Kenako anaima patsogolo pawo n'kuloza ndolo.

"Izi tichotse. Diresi nayonso ndi yowala kwambiri. Mulibe ina yotuwirako?"

"Iwe, ndikuyankhula ndi mwana wanga. Akandiona nditavala sanza aganiza kuti ndikudwala, ndipo adziimba mlandu. Ndolo zikhala, diresi ikhala."

Dayirekita anapukusa mutu ngati dokotala amene wodwala wake akukana jekeseni, n'kutulutsa pepala m'thumba lina la jekete. Anali atawalembera kale zonena. Amakatani anavala magalasi n'kuwerenga mokweza: "Ine ndine mayi wosweka mtima. Usiku sindigona, chakudya sichilowa."

"Wasweka ndani? Ndine mbale ine? Ndipo wakuuza ndani kuti sindidya?"

"Ndi kalembedwe chabe, azakhali. Pamzere wachiwiriwo mukatha kugwetsa msozi, ngakhale umodzi, ndiye kuti taphula. Tifunikanso chithunzi chake, dzina lake lonse, ndi koleji imene ankaphunzira."

Apa mpamene mtima wa Amakatani unayamba kuwira. Chitsiriza anali mwana wamanyazi chibadwire. Pa zithunzi zonse za kusukulu ankaoneka khutu lokha, nkhope atabisa kumsana kwa mnzake. Alendo akabwera ankadyera kukhitchini ataimirira. Chomwe chinamuthamangitsa pakhomo sichinali kulephera mayeso ayi, anali maso a anthu. Tsono uyu akuti tim'tengere maso ena zikwizikwi?

"Tamvera bwinobwino," anatero, akupinda pepala lija n'kulibwezera m'thumba lomwe linachokera. "Chithunzi chake sindikupatsa. Dzina sinditchula, za kukoleji sinditchula. Iye mawu anga amawadziwa, nkhope yanga amaidziwa. Ena onsewo aone mayi wina akuyankhula, adutse, akaonere galu wawoyo. Ndipo usanaike pa intaneti ubwere undionetse kaye."

"Vidiyo yotero siyenda, azakhali."

"Sindikufuna iyende. Ndikufuna ifike."

Dayirekita anaseka, n'kunena kuti chabwino, kasitomala ndi bwana. Anayatsa nyali yake ija, imene inawathobwa m'maso mpaka shopu yonse inasowa, n'kutsala kadiso kakuda ka kamera kokha. Anawauza kuti ayang'ane pamenepo.

Amakatani sanayang'ane kamera. Anayerekeza kuti chitseko chatseguka, mwana wawo walowa ndi chikwama chake paphewa, wayima pafupi ndi simbi akukanda m'mutu monga ankachitira. Anayankhula mmene munthu amayankhulira ndi wake amene wakhala nthawi osamuona.

"Mwana wanga," anatero, n'kuima kaye. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, n'kumwetulira. "Wasowa. Ine ndili bwino, achemwali ako ali bwino. Palibe amene adzakufunse kanthu, ngakhale ine. Kumene uliko khala, ngati kukukomera. Ungondiimbira basi, nambala ndi yomwe ija."

Anathera pomwepo. Dayirekita anazimitsa nyali n'kutuluka panja kukayankha foni. Atatsala okha, Amakatani anavula magalasi, n'kutsamira mutu pamakina, ndipo zimene anazikaniza pamaso pa mwana wa mlongo wawo zinatuluka zokha. Analira mpaka mapewa kugwedezeka. Sanadziwe kuti kuzimitsa nyali si kuzimitsa kamera.

Dayirekita sanabwerenso kudzawaonetsa kanthu. Amene anabwera anali wometa tsitsi wa khomo loyandikana, m'mawa wina, atagwira chipewa m'manja ngati wofika pamaliro.

"Pepani kwambiri, mayi. Ife kukhala nanu khoma limodzi osadziwa kuti zafika pamenepa. Kupolisi mwapitako? Nanga kumochale?"

"Kumochale kukatani?"

Wometayo anawapatsira foni yake. Choyamba kumveka chinali nyimbo ya limba, yolira pang'onopang'ono. Choyamba kuoneka anali iwo eni, mutu uli pamakina, mapewa akugwedezeka, pakona ya khoma losupuka lija. Pamwamba panali zilembo zofiira zikuluzikulu. Kenako nkhope yawo inadzaza foni yonse, ndipo anadzimva akunena, mosapumira, ngati wowerenga chilengezo pawailesi:

"Mwana wanga wasowa."

Kumwetulira kuja kunalibe, pamalo pake panabwera chithunzi cha Chitsiriza, chodulidwa pa chithunzi cha ukwati wa wachibale, maso ali pambali ngati wakuba wogwidwa. Pansi pake dzina lake lonse, koleji yake, ndi mawu oti anachoka pakhomo atasokonezeka maganizo chifukwa cholephera mayeso. Zoti palibe amene adzamufunse kanthu zinali zitadulidwa. Zoti akhale kumene ali zinali zitadulidwa. Kumapeto kunali nambala yawo ya foni, ndi pempho loti aliyense agawire anzake.

Anthu anali atagawiranadi. Pansi pa vidiyo panali makomenti osatha. Ena ankapemphera. Ena ankalumbira kuti amuona dzulo pamalo okwerera basi, ena kumalo omwera mowa, ena m'mizinda iwiri yosiyana tsiku limodzi. Wina analemba kuti nkhope imeneyi ndi ya chamba, iye amazidziwa. Mayi wina analemba kuti mwana woliza make chonchi sadzaona mwayi pamoyo wake wonse, ndipo anthu ambirimbiri anagwirizana naye.

Amakatani anabweza foni ija mwaulemu, anatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kuyamba ulendo. Anayenda wapansi chifukwa anadziwa kuti akakhala m'basi munthu wina awazindikira n'kuwapepesa, ndipo iwo amutukwana wosalakwa.

Situdiyo ya Dayirekita inali kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala, makoma ake omatidwa masiponji. Anamupeza atakhala pa kompyuta, ndipo atawaona anaimirira manja ali m'mwamba, akuyembekeza kuthokozedwa.

"Azakhali, mwaona mmene yayendera? Chiyambireni ntchito imeneyi sindinaonepo. Ngakhale anthu akunja akuigawa."

"Ndinati chiyani za chithunzi?"

"Chimenecho anandipatsa ndi adadi. Nawonso nkhawa ali nayo."

"Ndinati chiyani zondionetsa kaye?"

"Mukanakana. Inu ntchito yanu ndi makatani, ine yanga ndi imeneyi. Munthu akabwera kwa inu kuti mumusokere katani yokhota mumavomera?"

"Wandinamizira mawu, iwe. Ine sindinanene kuti mwana wanga wasowa."

Dayirekita anamwetulira ngati munthu amene wakhala akudikira funso limeneli. Anawakokera mpando, umene iwo sanakhalepo, n'kutsegula vidiyo yoyambirira pakompyuta. Pansi pa chithunzi panali mzere wautali wa timapiri tobiriwira.

"Awa ndi mawu anu, azakhali. Kaphiri aka ndi 'mwana wanga'. Aka ndi 'wasowa'. Sindinawonjezerepo ngakhale chilembo chimodzi. Pakati apa mukuona? Pali see, palibe kanthu. Mukungopuma. Malo otere timadula, aliyense amadula, chifukwa mpamene anthu amathawira. Ndangochotsa kampweya basi."

Amakatani anayang'ana kamzere kosalala kaja, kafupi ngati kaulusi kotsalira pansalu.

"Iwe unabadwa ukuyankhula chilankhulo chomwechi. Ukakumana ndi mnzako pamsewu n'kumuuza kuti 'wasowa', umakhala ukuitana apolisi? Ine ndimayankhula ndi mwana wanga. Iwe wandisandutsa woyankhula za mwana wanga kwa anthu osamudziwa. Ndimamulonjera, iwe wamulengeza ngati mbuzi yothawa m'khola. Ndipo misozi ija unaitenga ndi chilolezo cha ndani? Unaba, iwe. Ndinalira ndili ndekha m'shopu mwanga."

"Koma ndi imene yagwira anthu, azakhali."

Anamuyang'ana kuyambira kundevu mpaka kunsapato. Chimene chinawapweteka koposa n'choti mwanayo sankanama. Ankakhulupiriradi kuti wawachitira zabwino, ndipo m'maso mwake munalibe manyazi ngakhale a kambewu kampiru. Akanakhala mlendo akanamukokera kukhoti. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, uyu anali magazi awo omwe.

"Ichotse. Pompano, ine ndikuona."

Anaichotsa, akung'ung'udza kuti anthu ena sayamika. Kenako anawonjezera, maso ali pakompyuta, kuti kuchotsako sikuthandiza kwenikweni, chifukwa anthu anali ataikopera kale m'mafoni mwawo ndipo masamba ena anali ataiikanso ndi nyimbo zawozawo. Madzi akatayika saoleka, anatero, ngati kuti anawataya ndi munthu wina.

Pobwerera, foni yawo inalira kosalekeza. Wina anati ndi mneneri, waona mwanayo m'masomphenya ali pafupi ndi madzi. Wina anati amudziwa kumene ali koma aziyankhulana kaye bwino. Alongo awo, amalume aja, anaimba kudzawadzudzula kuti akalipira mwana amene wagwira ntchito yaulere. Ngakhale Nesi, amene ankayembekeza kuti akhala mbali yawo, anayankhula mozengereza.

"Asuweni alakwitsa, amayi, sindikukana. Komabe mwina zithandiza. Chachikulu si n'choti apezeke?"

"Apezeke ngati ndani? Ngati wamisala wa pafoni ya aliyense? Mng'ono wako umamudziwa iwe?"

Anadula foni asanamve yankho. Anatsegula shopu, n'kuyamba kubwezera pashelefu nsalu zina zimene zinali zidakali kuseri kwa chitseko chiunjikireni. Anakokera makina pamalo ake akale, miyendo yake ikukwekwereza pasimenti. Anayesa kusoka mpendero wa katani ya kasitomala, koma mzere unakhota, ndipo anaphwasula. Anazimitsa makina n'kungokhala.

Foni inaliranso chakumadzulo ndithu. Nambala yachilendo. Anaisiya ilire mpaka inaleka. Inayambanso. Anaitola ndi mkwiyo wonse wa tsikulo.

"Ngati ndinu mneneri wina, ndakhuta nazo."

"Amayi."

Anadzambatuka pampando. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Amayi, mwandichita chiyani?" Mawu ake anali otsika, onjenjemera, mmene ankayankhulira akapsa mtima kwambiri. "Ndinakuuzani kuti ndili bwino. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Ndinapeza ntchito kuno, m'nyumba yosungiramo katundu. Palibe amene ankandidziwa. Ndinkangokhala munthu wamba, wonyamula makatoni, ndipo ndinayamba kugona tulo. Lero ndalowa pageti, alonda akuseka. Anzanga onse mafoni m'manja. Akundiitana kuti Wosowa. Abwana andiitanira mu ofesi kudzandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, ngati ndingapitirize kugwira katundu wa anthu. Mayi wina wandigwira malaya pamsewu kuti andijambule, akuti ndikagwade kwa mayi anga."

Amakatani anatsegula pakamwa. Mawu onse anali okonzeka palilime: si ine, ndi msuweni wako, ine ndinakana chithunzi, ndinakana dzina, ndinanena zina. Zonsezo zinali zoona. Koma mwana wawo ankamudziwa. Sanaimbe kuti adzamve mbali yawo. Anali atakonza mawu ake m'mutu, mwina ulendo wonse wochokera kuntchito, ndipo munthu akam'dula pakati ankangotseka pakamwa n'kuchoka. Anatero pamaso pa amalume ake, akanateronso pano. Choncho anamusiya apitirize.

"Amalume anandivula m'nyumba," anapitiriza Chitsiriza. "Inu mwandivula pamaso pa dziko lonse. Mpaka kulira pa kamera, amayi? Inu amene simunalire pagulu ngakhale pamaliro a adadi? Anakuphunzitsani ndani zimenezo?"

Mawuwo anawalasa, ndipo mkwiyo wawo pa Dayirekita unakwera mpaka m'makutu. Koma pansi pa mkwiyowo khutu lawo linali pa ntchito ina. Mwanayo anali ndi kachimfine, mphuno zinkamveka zotseka. Sanali woledzera. Kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto ndi munthu wina akukhoma chitsulo, ndiye kuti anali panja, pamalo a anthu, osati m'chipatala kapena m'chitokosi. Mawu ake anali atakula pang'ono. Anali moyo, ndipo ankanena kuti "amayi" pafupifupi pa chiganizo chilichonse osadziwa.

"Nambala ino si yanga, ndabwereka, musavutike kuimbanso. Kuno ndichokako, ndipita kwina. Ndaimba kuti mudziwe kuti sindinasowe, ndinachoka dala, ndipo pano ndiye simudzandionanso. Ndatha. Mwamva?"

Anamva liwu lililonse. Ena mwa mawuwo anadziwa kuti adzawamvabe mpaka tsiku lolowa m'manda. Anadziwanso kuti akangoti "ndamva", chala cha mwanayo chili kale pa batani.

"Halo?" anatero Amakatani. "Sindinakumve bwino, mwana wanga. Kuno makina akusokosa. Unati chiyani? Tayambira poyamba."

M'shopu monse munali zii, makina ali chizimireni. Kumbali inayo kunangomveka kukhoma kwa chitsulo kuja, ndipo Amakatani anafinya foni ndi manja onse awiri.

Kenako mwana wawo anayambiranso kuwakalipira, kuchokera poyamba penipeni, ndipo iwo anakoka mpando n'kukhala pansi kuti amvetsere bwino.